Magetsi a m'boti: mmene inveta, batire ndi mawaya zimagwirira ntchito pa nyanja

Amene wagonapo ku Senga Bay, ku Chembe kapena ku Nkhata Bay usiku wopanda mwezi amaudziwa mzere wa nyali umene umandandalika pakati pa nyanja, ngati mudzi wamera pamadzi. Amakhala asodzi a usipa ali pa kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi kuwala. Kale kuwala konseko kunali kwa nyali za parafini zopopa, koma lero zambiri ndi mababu a LED oyaka ndi batire. Batire litangolowa m'boti, zofuna zinachuluka. Alovi, anthu ogwira ntchito m'boti la usodzi, akufuna kutchaja mafoni, wonyamula alendo akufuna zakumwa zozizira ndi nyimbo, woyenda pakati pa zilumba akufuna nyali zomuonetsa kwa maboti ena.

Ndiye mwini boti amapita m'tauni n'kugula kabokosi kolembedwa 3000W, n'kukalumikiza ku batire la galimoto ndi mawaya amene apezeka pakhomo. Ola lisanathe kabokosi kayamba kulira, waya watentha, batire latha. Mawu amene amatsatira ndi akuti "andigulitsa inveta yabodza". Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri vuto limakhala pa zinthu zina zimene wogulitsa sanazitchule: kukula kwa batire, kunenepa kwa waya, ndi fyuzi imene kulibe. Sitima zazikulu ngati Ilala zili ndi majenereta ndi mainjiniya ake. Nkhani ino ndi ya maboti ang'onoang'ono, amatabwa, afaiba ndi achitsulo, amene mwini wake ndiye amaganiza zonse.

Inveta ndi chigayo, batire ndi nkhokwe

Magetsi alipo amitundu iwiri. A m'batire ndi a sola amayenda njira imodzi, kuchoka mbali ina ya batire kubwerera mbali inayo, ndipo amatchedwa DC. M'maboti ambiri amakhala a mavoti 12. Magetsi a ESCOM amene timapeza pa soketi kunyumba amatchedwa AC. Iwo amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, ndipo ndi a mavoti 230. Inveta ndi chipangizo chimene chimatenga DC wa mavoti 12 n'kumusandutsa AC wa mavoti 230, kuti zinthu zopangidwira m'nyumba zigwire ntchito kumene kulibe ESCOM.

Chofunika kuchigwira bwino n'chakuti inveta sipanga magetsi. Ili ngati chigayo: chimasandutsa chimanga kukhala ufa, koma sichilima. Mungagule chigayo chachikulu bwanji, ufa umene mutatuluke nawo ndi wa chimanga chimene chili m'nkhokwe mwanu. Ndipo monga thumba limapepukako likachoka kuchigayo, inveta nayonso imadya gawo lake. Pa mphamvu 100 zochoka m'batire, zofika pa soketi zimakhala pafupifupi 85 kapena 90, zotsalazo zimatha ngati kutentha. Nambala ya 3000W ija ikungonena kukula kwa chigayo. Siyikunena kanthu za nkhokwe.

Mawu atatu amene simungawazembe

Taganizani za madzi oyenda m'paipi. Mavoti ndi mphamvu imene ikukankha madziwo. Maampu ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa. Mawati ndi ntchito imene ikugwirika, ndipo amapezeka mukachulukitsa mavoti ndi maampu. Samu imodzi yomweyi ndiyo imalongosola chifukwa chake mawaya amapsa m'maboti.

Ketulo yamagetsi imafuna mawati pafupifupi 2000. Kunyumba, pa mavoti 230, imakoka maampu osakwana 9, ndipo waya wamba wa soketi amawanyamula osatentha. Ketulo yomweyo mukaiika pa inveta m'boti, mbali ya batire kuli mavoti 12 okha. Mawati 2000 kugawa ndi 12 ndi maampu 167, ndipo mukaonjezera zimene inveta ikudya, afika cha m'ma 185. Ntchito ndi yomweyo, koma magetsi oyenda m'waya achuluka pafupifupi ka 20. Madzi a mtsinje wonse akukakamizidwa kudutsa m'kapaipi ka pampopi.

Batire nalo lili ndi nambala yake, monga 100Ah; Ah ndi maampu kuchulukitsa ndi maola. Mukachulukitsa ndi mavoti 12 mupeza 1200Wh, ndiye kukula kwa nkhokwe. Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola: babu la mawati 10 likayaka maola 8 ladya 80Wh.

Yambani ndi pepala, osati ndi sitolo

Musanagule kalikonse, lembani zonse zimene muziyatsa ndi maola ake. Tiyerekeze boti limene lili ndi mababu anayi a mawati 10 oyaka maola 8 usiku: 320Wh. Mafoni asanu ndi imodzi, iliyonse pafupifupi 10Wh: 60Wh. Laputopu ya mawati 60 kwa maola awiri: 120Wh. Zonse pamodzi ndi 500Wh.

Wina angati batire la 1200Wh likwana masiku awiri. Ayi. Batire la asidi, lija lolemera limene timalidziwa tonse, silifuna kukokolozedwa mpaka pansi. Likamatsitsidwa kupyola theka tsiku ndi tsiku limafa msanga. Choncho pa 1200Wh, zanu zenizeni ndi 600Wh, ndipo boti tayerekezali langokwana usiku umodzi popanda chotsala chambiri. Ketulo ija ingamalize theka limenelo m'mphindi pafupifupi 15. N'chifukwa chake chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa, kaya ketulo, ayironi kapena mbaula yamagetsi, sichiyenera kukhala pa batire la boti laling'ono.

Mndandanda womwewu umaonetsanso chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Mababu a LED a mavoti 12 alipo. Matchaja a foni olowa pa mavoti 12, onga a m'galimoto, alipo. Nyali za boti, yofiira kumanzere, yobiriwira kumanja ndi yoyera kumbuyo, ndi za DC. Pampu yotulutsa madzi m'boti ndi ya DC, ndipo ngakhale mafiliji ang'onoang'ono a mavoti 12 amapezeka. Kutenga mavoti 12, kuwakweza kufika pa 230, kenako tchaja ya foni n'kuwatsitsanso kufika pa 5, ndi kutaya mphamvu kawiri. Ine ndimaona kuti boti la usodzi limene likungofuna kuwala ndi mafoni silifunika inveta n'komwe, ndipo popanda iyo mwachotsanso ngozi yaikulu imene ndiifotokoze kutsogoloku. Inveta ikhale ya zinthu zokhazo zimene zilibe njira ina.

Dziwaninso kuti inveta imadya ngakhale palibe chimene mwalumikiza. Yodya mawati 10 ili chabe, ikasiyidwa yoyaka usana ndi usiku, yatenga 240Wh, pafupifupi theka la zonse zimene boti lija limafuna. Ikatha ntchito izimitsidwe.

Kusankha inveta

Pabokosi pamakonda kulembedwa nambala yaikulu, imene inveta ingaipirire kwa kanthawi kochepa zedi. Nambala yofunika ndi ya mphamvu imene ingapereke mosalekeza, ndipo nthawi zambiri imakhala theka la yaikuluyo, yolembedwa m'timalemba tating'ono. Nambala yaikuluyo ili ndi ntchito yake: mota ya filiji ikamadzuka imakoka kangapo kuposa mmene imakokera ikamayenda, ndipo inveta iyenera kupirira kukoka kumeneko.

Palinso kusiyana kwa mtundu wa AC amene amatuluka. Inveta yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, okwera ndi kutsika pang'onopang'ono monga mafunde a tsiku la bata. Yolembedwa modified sine wave imatulutsa odumphadumpha ngati masitepe. Yachiwiriyi ndi yotchipa ndipo zinthu zina zimagwira nayo bwino, koma mota imatentha ndi kung'ung'udza, masipika amalira phokoso, ndipo matchaja ena amawonongeka. Ngati pali filiji kapena zida zodula, yoyambayo ndiyo yoyenera.

Batire la asidi kapena la lithium?

Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizitsa injini, kenako lidzazidwe pomwepo. Kuligwiritsa ntchito usiku wonse ndi kulipha. Loyenera ntchito imeneyi ndi lolembedwa deep cycle, limene m'masitolo ambiri amangoti batire la sola. Alipo othira madzi, ndipo alipo omata, a gel kapena AGM, amene satayikira asidi boti likapendekeka. Pa nyanja yathu mwera ukauka pakati pa Meyi ndi Ogasiti boti limapendekeka ndithu, ndiye ubwino umenewu si waung'ono.

La lithium loyenera boti ndi la mtundu wa LiFePO4, umene sugwira moto msanga poyerekeza ndi mitundu ina ya lithium. La 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 12, pamene la asidi lofanana nalo limalemera 25 mpaka 30. Mungatengemo magawo 80 kapena 90 pa 100 osaliwononga, ndipo limapirira kudzazidwa ndi kutsitsidwa maulendo oposa 2000, pamene la asidi limakwanitsa mazana angapo. M'kati mwake muli kachipangizo kotchedwa BMS kamene kamalidula likadzaza kwambiri, likatsika kwambiri kapena likakokedwa mopyola muyeso. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri pogula, limafuna tchaja yogwirizana nalo, ndipo BMS ikadula imadula mwadzidzidzi, nyali zonse n'kuzima nthawi imodzi. La asidi ndi lotchipa, limapezeka paliponse, amisiri ambiri amalidziwa, ndipo limafooka pang'onopang'ono mukuona. Kusankha kumadalira thumba lanu ndi mmene boti limagwirira ntchito.

Onse awiri amadana ndi kutentha. La asidi moyo wake umafupika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25. Amene amadziwa dzuwa la Okotobala ku Mangochi kapena ku Karonga aona kuti batire losiyidwa padzuwa m'boti silingathe zaka zimene zalembedwa pabokosi. Mukafuna mabatire awiri, akhale a mtundu umodzi, kukula kumodzi ndi msinkhu umodzi, chifukwa lakale limakoka latsopano. Mukawalumikiza motsatizana, pozitivi ya lina ku negetivi ya linzake, mupeza mavoti 24, ndipo maampu a m'waya atsika ndi theka. Pa inveta yoposa mawati 1500 njira imeneyi ndi yanzeru, bola inveta ndi zida zonse zikhale za mavoti 24.

Waya ndi fyuzi: apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri saopa mavoti 12 chifukwa sagwira munthu. N'zoona, mungakhudze mitu yonse iwiri ya batire ndi manja ouma osamva kanthu. Koma batire lomwelo, waya wa pozitivi akakhudzana ndi wa negetivi, limatulutsa maampu mazana ambiri m'kamphindi. Sipanala yogwera pamitu ya batire imafiira, waya amasungunuka, ndipo pambali pake pali matabwa, ukonde ndi chigubu cha petulo. Moto wa pamtunda munthu amathawa. Pakati pa nyanja usiku kothawira kulibe.

Fyuzi ndi kachitsulo kopangidwa dala kuti kaduke magetsi akachuluka, waya asanapse. Ntchito yake ndi kuteteza waya, choncho iyenera kukhala pa waya wa pozitivi pafupi zedi ndi batire. Bungwe la American Boat and Yacht Council, limene malamulo ake amatsatidwa ndi opanga maboti ambiri, limati ikhale mosapitirira mainchesi 7 kuchokera pomwe waya wayambira, omwe ndi masentimita pafupifupi 18. Chifukwa chake n'chosavuta: chigawo cha waya chimene chili pakati pa batire ndi fyuzi chilibe chitetezo chilichonse. Fyuzi ya m'kati mwa inveta siingathandize waya akakhulika pakati panjira. Ndipo fyuzi ikaduka, pali chimene chaidula. Kumangapo kawaya kuti magetsi abwerere ndi kuchotsa mlonda pakhomo wakuba ali m'nyumba.

Kunenepa kwa waya kumayesedwa mu mm². Waya wa soketi kunyumba ndi wa 2.5mm² ndipo amanyamula maampu a m'ma 20. Inveta ya mawati 1000 pa mavoti 12 imakoka maampu pafupifupi 100, ndipo imafuna waya wa 25mm² kapena 35mm², wonenepa ngati chala, wosapitirira mamita awiri. Waya akatalika kapena akaonda, mavoti amatayika m'njira, inveta imaona ngati batire latha n'kuyamba kulira pamene batire lili lodzaza. Kulira kwambiri kumene anthu amadandaula nako kumachokera pamenepa. Fyuzi isankhidwe motsatira buku la inveta, ndipo isapose zimene wayayo angapirire.

Waya wa m'boti akhale wa timawaya tambirimbiri ta kopa, wofewa, chifukwa wa chitsulo chimodzi cholimba amathyoka ndi kunjenjemera kwa injini. Wabwino koposa ndi amene timawaya take tinakutidwa ndi tini, timaoneka toyera, chifukwa sadyeka ndi chinyezi. Samalani ndi waya wotchipa amene kunja ndi kopa koma m'kati ndi aluminiyamu: amapepuka m'manja ndipo amatentha msanga. Kumapeto kwa waya kukhale timphete tachitsulo tofinyidwa bwino ndi kumangidwa ndi nati. Zopanira zija zokhala ngati kukamwa kwa ng'ona ndi za kanthawi chabe, pa mafunde zimagwedera ndi kuthetheka.

Pambuyo pa fyuzi pakhale switchi yaikulu yodula batire lonse, pamalo poti aliyense m'boti angaifikire mumdima. Nthambi iliyonse yaing'ono, ya mababu, ya pampu, ya mafoni, ikhale ndi fyuzi yakeyake yaing'ono. M'galimoto thupi lachitsulo limagwira ntchito ya waya wa negetivi, koma m'boti lachitsulo kapena la aluminiyamu zimenezi sizichitika. Magetsi oyenda m'thupi la boti lili m'madzi amadya chitsulo mpaka kuboola. Chilichonse chikhale ndi mawaya ake awiri.

Malo oika

Batire likhale m'bokosi lake, lomangidwa ndi lamba kuti lisasunthe, pamwamba pa pomwe madzi olowa m'boti amafika, ndipo mitu yake ivindikiridwe. Bokosilo lipite mphepo. Batire la asidi likamadzazidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika ukakumana ndi kamoto kakang'ono. Petulo naye amatulutsa mpweya wolemera umene umakhazikika pansi m'boti. Inveta wamba imatha kuthetheka m'kati, choncho isakhale m'bokosi limodzi ndi batire kapena pafupi ndi thanki ya mafuta. Ifunika malo ouma, okwera, amthunzi, pomwe fani yake ingapume. Kuikulunga m'pepala la pulasitiki poopa madzi kumaipsereza.

Polumikiza, switchi ikhale yozimitsa, mphete ndi wotchi zivulidwe, ndipo waya wa negetivi alowe pomaliza. Pomasula, negetivi ndiye amayamba kuchoka. Yang'anani kawiri mbali ya pozitivi ndi negetivi, chifukwa inveta zambiri zikalumikizidwa mozondoka zimapsa nthawi yomweyo.

Mavoti 230 pa madzi opanda mchere

Pali chinthu chimodzi chokhudza nyanja yathu chimene ndikufuna aliyense achimve. Magetsi otayikira m'madzi ndi oopsa kwambiri kwa wosambira m'madzi opanda mchere kuposa m'nyanja yamchere. Madzi amchere amanyamula magetsi bwino, ndiye ambiri amamulambalala munthu. Madzi a Nyanja ya Malawi, a Malombe kapena a mu Shire sanyamula bwino, ndipo thupi la munthu limakhala njira yapafupi. Magetsi ochepa, osakwana kuyatsa babu, amatha kuumitsa minofu munthu n'kulephera kupalasa. Amamira mwakachetechete, ndipo oona amangoti wamira. Pa madoko athu ana amasambira m'mbali mwa maboti tsiku lonse, alovi amadumphira m'madzi kukakonza ukonde.

Choncho mbali ya mavoti 230 ikhale yaifupi ndi yochepa. Ekisitenshoni yogona pansi m'boti momwe muli madzi isapezeke. Potulukira magetsi a inveta pakhale buleka yotchedwa RCD ya 30mA, imene imadula ikangozindikira kuti magetsi ena akuthawira kunjira ina. Kuti igwire ntchito, waya wa ethi, wochotsa magetsi otayikira, ndi wa nyutulo, wobwererapo magetsi, ayenera kulumikizidwa mmene wopanga inveta ananenera, ndipo si inveta zonse zimene zimalola zimenezi. Apa mpofunika mmisiri wa magetsi wovomerezeka, ayese bulekayo inu mukuona. Munthu akakhala m'madzi pafupi ndi boti, inveta izimitsidwe.

Kudzaza nkhokwe

Injini zazing'ono zolizitsa ndi chingwe, zimene zili pa maboti ambiri, zimapereka magetsi ochepa kwambiri, zina sizipereka n'komwe. Ambiri amadalira sola kapena kunyamula batire kukatchajitsa kumtunda. Sola ya mawati 100 pa tsiku la dzuwa labwino imapereka pafupifupi 400Wh, ndiye boti lija la 500Wh lifunika ya mawati 150 kapena 200, makamaka poganizira mitambo ya nyengo ya mvula. Mthunzi wa chingwe kapena ukonde woyanikidwa pa ngodya imodzi ya sola umatsitsa mphamvu ya sola yonse.

Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kontirola, yoletsa batire kudzazidwa mopyola. Ya PWM ndi yotchipa, ya MPPT imakolola zambiri pa sola yomweyo. Polumikiza, batire limayamba, sola pambuyo. Inveta isalumikizidwe pa timabowo ta kontirola, ipite ku batire kudzera pa fyuzi yake. Ngati injini yanu imalira ndi batire, batire limenelo likhale lapadera, kuti nyimbo ndi mababu zisakusiyeni pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma injini ikukana. Batire la lithium lisalumikizidwe mwachindunji ku alitaneta, chipangizo chodzaza batire injini ikamalira, chifukwa limakoka kwambiri mpaka kuitentha. Pakati pake pamafunika tchaja ya DC kupita ku DC.

Kamita koyezera mavoti n'kotchipa ndipo kamapulumutsa batire. La asidi likapuma maola angapo, 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza, 12.2 lafika pa theka. Inveta zambiri zimadzizimitsa zokha cha pa 10.5, koma pofika apo batire lavulala kale, ndiye musadikire kulira kwake. La lithium mavoti ake sasintha kwambiri mpaka litatsala pang'ono kutha, choncho limafuna mita yowerenga maampu olowa ndi otuluka.

Mwezi uliwonse gwirani manati onse muone ngati alimba. Malo olumikizira amene akutentha inveta ikugwira ntchito ndiye kuti agwedera kapena achita dzimbiri. Zoyera kapena zobiriwira zomera pamitu ya batire zitsukidwe ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, pakauma mupakepo girisi pang'ono. Batire lothira madzi lionjezeredwe madzi a batire ogula, osati a m'nyanja kapena asidi. Batire likafa, m'kati mwake mukadali mtovu ndi asidi, zonse ziwiri poizoni kwa nsomba ndi kwa anthu amene amamwa ndi kutsuka pagombe. Lisatayidwe m'madzi kapena kuswedwa padoko kuti mtovu wake ukhale zolemetsa ukonde. Litengereni kwa ogulitsa mabatire kapena ogula zitsulo zakale lili lotseka, loimirira.